Cholowera Kunsi kwa Chitseko ndi Cholowera Pakhomo: Za Tinyimbo ta Malonda ndi Mauthenga Obisika

Mau a munthu wamalonda ali ndi njira ziŵiri zofikira mumtima mwa wogula. Njira yoyamba ndi imene anthu akhala akuiopa kwa zaka zoposa 60. Akuti pali uthenga wina umene amaubisa m'kati mwa kanema, wong'anima mofulumira kotero kuti diso siliugwira, komabe mtima umaulandira nkuumvera. Pa Chingerezi uthenga wotere amautcha subliminal, dzina lochokera ku mau aŵiri a Chilatini, sub ndi limen, otanthauza kunsi kwa khomo. Ife tingati ndi uthenga wokwaŵira kunsi kwa chitseko mwini nyumba ali m'tulo. Njira yachiŵiri njoonekeratu. Ndi kanyimbo kaja ka sopo, ka zakumwa kapena ka feteleza, kamene kamalira pa wailesi nthaŵi ya nkhani isanakwane, kamene ana amaimba popita kusukulu, ndipo akulu amangodzidzimuka akukaimba chapansipansi ali pa ntchito. Kameneka kamaloŵera pakhomo dzuŵa likuswa mtengo, ndipo timakapatsa mpando.

M'nkhani ino tifuna kuziyang'ana njira ziŵirizi, pakuti tikuona ngati mantha athu tidaŵaika polakwika. Umboni umene ofufuza asonkhanitsa ukuonetsa kuti uthenga wobisika uli ndi mphamvu yochepa ndi yosakhalitsa, pamene kanyimbo kamene tonse timakamva, ndipo palibe amakaopa, kamatha kukhala m'mutu mwa munthu kuyambira ubwana mpaka imvi.

Bodza la ku Fort Lee

Mu Sepitembala 1957 munthu wina wofufuza za misika, dzina lake James Vicary, adaitana atolankhani mu mzinda wa New York naŵauza chinthu chodabwitsa. Adati kwa masabata 6, m'nyumba ina yoonetsera kanema ku Fort Lee m'chigawo cha New Jersey, iye adakhala akung'animitsa mauthenga aŵiri pa chinsalu: wina wouza anthu kuti amwe Coca-Cola, wina woŵauza kuti adye mbuliuli. Uthengawo unkaoneka kwa gawo limodzi la magawo 3,000 a sekondi, pa masekondi 5 alionse, ndipo anthu 45,699 amene adaonera kanemayo sadadziŵe kuti kukuchitika kanthu. Komabe, adatero Vicary, malonda a Coca-Cola pamalopo adakwera ndi 18 pa 100, ndipo a mbuliuli adakwera kupitirira 57 pa 100.

Nkhaniyi idapeza anthu ali kale ndi nthumanzi. Chaka chomwecho mtolankhani Vance Packard adali atatulutsa buku lake lotchedwa The Hidden Persuaders, lofotokoza m'mene makampani ankalembera ntchito akatswiri a za maganizo a munthu kuti aŵafufuzire zilakolako ndi mantha a ogula. Inalinso nthaŵi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, pamene mphekesera zinali ponseponse zakuti adani ali ndi luso losandutsa maganizo a akaidi a nkhondo. Motero panabuka phokoso lalikulu, ndipo mu 1958 bungwe la eni mawailesi ku America lidaletsa mamembala ake kugwiritsa ntchito njirayi. Ku Britain nakonso adailetsa.

Koma amene adayesa kubwereza zimene Vicary ankanena adabwerako manja ali zii. Mu Januwale 1958 wailesi yakanema ya dziko la Canada, CBC, idang'animitsa mau ouza anthu kuti aimbe telefoni nthaŵi yomweyo, maulendo 352 m'pologalamu ya theka la ola. Chiŵerengero cha oimba telefoni sichidasinthe. Oonera adapemphedwa kuti alembe makalata onena chimene akuganiza kuti adauzidwa. Makalata adafika mazana angapo, koma panalibe ndi imodzi yomwe yolondola. Ambiri adalemba kuti adamva njala kapena ludzu, ndipo nkosavuta kuona kumene njalayo idachokera: adali ataŵerenga za mbuliuli za ku Fort Lee m'nyuzipepala. Potsiriza, mu 1962, Vicary mwini wake pocheza ndi nyuzipepala ya amalonda yotchedwa Advertising Age adavomera kuti zimene adapeza zinali zochepa kwambiri, zosati nkutsimikizira kanthu, ndi kuti nkhani yonseyo inali njira yokopera makasitomala ku bizinesi yake imene inkagwa. Ena amene adalondola nkhaniyi pambuyo pake amakayika ngati kuyesako kudachitika nkomwe.

Kuvomerako sikudayende ulendo wautali monga lidayendera bodza. Mu 1973 Wilson Bryan Key adatulutsa buku lotchedwa Subliminal Seduction, m'mene adanena kuti amaona mau ndi zithunzi zolaula zobisika m'zidutswa za madzi oundana pa zithunzi zotsatsira moŵa, ndipo bukulo lidagulidwa zedi. Mu 1974 bungwe la boma la America loyang'anira mawailesi lidalengeza kuti uthenga wobisika ndi chinyengo, kaya umagwira ntchito kaya sugwira. M'zaka za m'ma 1980 manthawo adasanduka nawonso malonda: anthu ankagula makaseti a nyimbo amene ankati m'kati mwake muli mau osamveka othandiza kuonda, kuleka fodya kapena kukumbukira bwino. Anthony Greenwald ndi anzake adaŵayesa makasetiwo, nasindikiza zotsatira zake mu 1991. Adatenga makaseti a mitundu iŵiri, ena othandiza kukumbukira ndi ena othandiza munthu kudzikhulupirira, nasinthanitsa timapepala ta pamwamba pa ena mwa iwo eni ake osadziŵa. Patatha mwezi, mayeso adaonetsa kuti makasetiwo sadachite zimene ankalonjeza. Komabe ambiri mwa omverawo adanenetsa kuti athandizika, ndipo thandizo limene ankalitchula linali lolembedwa pa kapepala, ngakhale kaseti ya m'katimo inali ina.

Nanga nchifukwa chiyani bodza lovomerezedwa ndi mwini wake lakana kufa? Tikuganiza kuti yankho lake sililinso kutali ndi kwathu. Munthu akamwera ndalama zonse za fodya m'tauni nabwerera kumudzi chimanjamanja, nkwapafupi kunena kuti adamlodza kusiyana ndi kuvomera kuti kumoŵako adapita ndi miyendo yake. Uthenga wobisika ndiwo ufiti wa anthu a m'mizinda ya magetsi. Umaopsa, inde, koma umatonthozanso, popeza umachotsa mlandu pa wogula nkuusenzetsa mdani wosaoneka.

Tsono tisapitirire muyeso nkunena kuti zonse nzopeka. Nzoona kuti ubongo umatha kulandira chinthu chimene mwini wake sadziŵa kuti wachiona. Mu 1980 William Kunst-Wilson ndi Robert Zajonc adaonetsa anthu zithunzi za ngodya 8 kwa gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Pambuyo pake adaŵapatsa zithunzi ziŵiriziŵiri, china chimene adachiona kale ndi china chatsopano. Atafunsidwa kuti chimene adachiona nchiti, anthuwo ankangolota. Koma atafunsidwa kuti chimene chikuŵakomera nchiti, pa maulendo 60 mwa 100 adasankha chimene chidang'anima chija. Mu 2006 Johan Karremans ndi anzake ku Netherlands adang'animitsa dzina la chakumwa cha Lipton Ice pa kompyuta kwa magawo 23 a magawo 1,000 a sekondi, kenaka nafunsa anthu kuti asankhe pakati pa chakumwacho ndi madzi a m'botolo. Dzina long'animalo lidakopa anthu ena ndithu, koma okhawo amene adali ndi ludzu. Kuti ena amve ludzu ofufuzawo adachita kuŵapatsa masiwiti a mchere. Amene analibe ludzu sadasunthike. Apa mpamene pathera mphamvu ya uthenga wobisika malinga ndi zimene zapezeka: liu limodzi kapena aŵiri, m'chipinda chachete, kwa munthu woyang'anitsitsa, wofuna kale chinthucho, ndiponso wosankha nthaŵi yomweyo. Ungathe kuloza chitsime kwa munthu waludzu. Ludzulo sungalilenge, ndipo palibe umboni wakuti umamperekeza munthu mpaka kusitolo maŵa lake.

Kuno ku Malaŵi nkhaniyi ili ndi mbali ina yoseketsa. Wailesi yakanema ya dziko lino idayamba mu 1999, pamene wailesi ya MBC idayamba mu 1964 ndipo kwa zaka pafupifupi 30 inali yokhayokha. Mbadwo wathunthu udakula wopanda chinsalu choti nkung'animirapo kanthu. Koma funsani aliyense wa mbadwo umenewo ngati akukumbukira tinyimbo ta malonda ta pa ubwana wake, mudzaona mutu ukuyamba kugwedera asanayankhe nkomwe.

Chifukwa chake nyimbo siichoka m'mutu

Ambiri mwa olemba mbiri ya malonda amati kanyimbo koyamba kotsatsa malonda pa wailesi kadaimbidwa pa 24 Disembala 1926 mu mzinda wa Minneapolis, pamene amuna 4 adaimba zotamanda Wheaties, chakudya cha m'maŵa chopangidwa ndi tirigu. Mu 1929 eni ake, kampani ya General Mills, adafuna kuleka kuchipanga popeza sichinkayenda malonda. Koma ataŵerengera adapeza kuti makatoni oposa theka la onse ogulidwa m'dziko lonselo adagulidwa m'dera limodzi lokha, kumene kanyimboko kankamveka. M'malo moleka, adakatumiza ku mawailesi a dziko lonse. Mu 1939 kampani ya Pepsi-Cola, pofuna kuti anthu adziŵe kuti botolo lake nlalikulu pafupifupi kaŵiri kuposa la opikisana nawo pa mtengo womwewo wa masenti 5, idalembetsa kanyimbo kake pa chuni cha nyimbo yakale ya alenje a ku England. Nzeru yake inali yakuti chuni chimene chili kale m'mitu ya anthu sichifunanso kuphunzitsidwa. Chimangofuna mau atsopano.

Mau olankhula ali ngati mikanda yomwazika pa mphasa, ndipo chuni ndiwo ulusi wake. Chuni chimamuuza munthu kuti mzere uno ngwautali bwanji, liu lotsatira lili ndi maphatikizo angati, mpweya apumire pati. Akaiŵala liu limodzi, mpata umene latsala nawo uli ndi msinkhu wake, ndipo ndi mau oŵerengeka okha amene angakwanemo, makamaka ngati mizere ikutha momveka mofanana. Mu 1994 Wanda Wallace adayesa zimenezi pomveretsa anthu ndime za nyimbo zakale, ena zoimbidwa ndipo ena zongolakatulidwa. Amene adamva ndime 3 zoimbidwa pa chuni chimodzimodzi adakumbukira mau ambiri kuposa anzao. Koma pamene ndime iliyonse idaimbidwa pa chuni chakechake, kapena pamene ndime inali imodzi yokha, nyimbo sidathandize, mwina idasokoneza kumene. Nchifukwa chake kanyimbo ka malonda kamakhala kachibwana dala: mizere yoŵerengeka, chuni chosavuta, ndi dzina la katunduyo loikidwa pamene liu likwera kapena pamene nyimbo ithera.

Zimene akatswiri adapeza m'zipinda zao zoyesera, makolo athu adazidziŵa kale. Anamkungwi sadalembe mwambo m'buku, adauika m'nyimbo. Nthano ya pamoto imakhala ndi kanyimbo pakati pake, ndipo mwana akaiŵala nthano yonse kanyimboko kamatsala, mwina nkumkumbutsa zotsalazo. Amai pamtondo akhala akudzudzula apongozi ndi amuna aulesi m'nyimbo zimene mudzi wonse umazisunga, ndipo ambiri a ife masamu ochulukitsa tidaŵaphunzira mochita kuimba pansi pa mtengo. Mbiri ya Mpingo nayonso ili ndi zitsanzo zake. Wolemba mbiri wakale Philostorgius adasimba kuti Arius, wansembe wa ku Alexandria amene chiphunzitso chake chidakanidwa pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325, ankapeka nyimbo za amalinyero, za opera tirigu ndi za apaulendo, kuti maganizo ake ayende ndi anthu wamba kumene mabuku sakadafika. Cha m'ma 393 Augustine Woyera, akali wansembe ku Hippo, adabwezera njira yomweyo kwa otsatira a Donatus: adapeka salmo la ndime zoyamba ndi malembo a alifabeti motsatana, lokhala ndi kolasi yoti anthu onse azivomereza, ndipo iye mwini adafotokoza pambuyo pake kuti cholinga chake chinali chakuti nkhaniyo ifike kwa anthu osaphunzira ndi kumamatira m'mitu mwao. Amalonda a ku Minneapolis sadatulukire chachilendo. Adangobwereka chida chakale.

Palinso khalidwe lina la nyimbo limene mau wamba alibe, ndilo lakuti imadziimba yokha. Anthu a ku Germany amakatcha kanyimbo kokakamira m'mutu Ohrwurm, kachilombo ka m'khutu. Mlembi wa ku America Mark Twain adalembapo kankhani koseketsa mu 1876, kotchedwa A Literary Nightmare. Munthu wina aŵerenga m'nyuzipepala timizere ta malangizo a kondakitala wodula matikiti, ndipo timizereto timgwira osamleka kudya, kugona kapena kugwira ntchito, mpaka atipatsira bwenzi lake, mbusa wa mpingo. Mbusayo akwera sitima kukalalika pa maliro, magudumu a sitima namuimbira timizere tomweto usiku wonse, ndipo pa ulalikiwo aona anamfedwa akugwedeza mitu motsata kagundidwe kake. Amene adayesapo kusinkhasinkha m'tchalitchi m'maŵa, m'mutu mukulira kanyimbo ka sopo, sadzafuna kuti timfotokozere zambiri. Kwa wotsatsa malonda imeneyi ndi mphatso yaikulu: iye amalipira masekondi 30 a pa wailesi, ndipo maulendo ena onse womvera amadziulutsira yekha kwaulere. Kuzama kwake kwa nyimbo kumaoneka bwino pa okalamba odwala matenda oiŵalitsa a Alzheimer, amene kaŵirikaŵiri amatha kuimba nyimbo za pa unyamata wao mau onse ali m'malo, pamene maina a ana ao adaŵathaŵa.

Kuchokera m'mutu kufika m'thumba

Kukumbukira kanyimbo sikugula ayi. Tonse tikudziŵa tinyimbo ta katundu amene sitidagulepo chibadwire. Pakati pa mutu ndi thumba pali mlatho, ndipo mlathowo ndi chizoloŵezi. Mu 1968 Robert Zajonc yemwe uja adaonetsa ophunzira mau opeka amene adaŵauza kuti nga chilankhulo cha ku Turkey, ena kamodzi, ena mpaka maulendo 25, kenaka naŵafunsa kuti alote ngati liu lililonse likutanthauza chabwino kapena choipa. Mau amene adaonedwa kaŵirikaŵiri ndiwo adaganiziridwa zabwino. Mu 1977 Lynn Hasher ndi anzake adapeza chinthu chodetsa nkhaŵa koposa: ataŵerengera anthu ziganizo zosiyanasiyana, zoona ndi zonama, maulendo 3 motalikirana masabata aŵiriaŵiri, ziganizo zimene zidabwerezedwa zidayamba kukhulupiridwa kwambiri, ngakhale zonama zomwe. Mtima wa munthu umasokoneza zinthu ziŵiri, kuzoloŵera chinthu ndi kuchidziŵa.

Herbert Krugman, polemba mu 1965, adaloza pamene pagona chinsinsi chenicheni. Iye adati zotsatsa malonda timaziphunzira chifukwa chakuti sitizisamala. Munthu akabwera kudzatinyengerera kuti tigulitse munda, timakhala tsonga, timafunsa mafunso, timaitana mbale kuti amve nawo. Koma ndani adakhalapo tsonga kuti atsutsane ndi kanyimbo ka mafuta odzola? Timakalola kudutsa popeza nkachabechabe, ndipo kakadutsa maulendo 200 kapeza malo. Andrew Ehrenberg wa ku London adaonjezapo mu 1974 kuti kutsatsa malonda sikutembenuza anthu kaŵirikaŵiri monga amaganizira oopa ndi otamanda omwe. Ntchito yake yaikulu ndi kukumbutsa, ndi kulimbitsa chizoloŵezi chimene chilipo kale. Taganizani mai waima pa kauntala ya golosale, mwana kumbuyo, anthu pamzere akudikira, ndipo pa alumali pali sopo wa mitundu 5. Iye sadzayamba kuyeza ubwino wa uliwonse. Adzatchula dzina limene lafika msanga pa lilime. Mwina dzinalo limameza katundu yense: kwathu kuno ambiri amati Colgate ponena mankhwala alionse otsukira mano, ndiponso Surf ponena sopo aliyense waufa, ngakhale akugula wa kampani ina.

Mu 1997 Adrian North ndi anzake a pa yunivesite ya Leicester adasindikiza zimene adapeza m'sitolo ina yaikulu ku England. Kwa masabata aŵiri adaika vinyo wa ku France ndi wa ku Germany pamalo amodzi, namaliza nyimbo za ku France tsiku lina, za ku Germany tsiku linzake. Pa masiku a nyimbo za ku France, vinyo wa ku France adagulidwa kasanu kuposa mnzake. Pa masiku enawo wa ku Germany ndiye adatsogola pafupifupi kaŵiri. Ogula atafunsidwa, ochepa kwambiri ndiwo adavomera kuti nyimbo idaŵathandiza kusankha. Tikuona kuti kuyesa kumeneku nkofunika kuposa zonse za Vicary. Nyimboyo sidabisike, aliyense adaimva ndi makutu ake. Chimene chidabisika ndi ntchito imene idagwira mwa iye.

Tinyimbo tina sitinenanso kanthu za katundu. Mu 1971, nkhondo ya ku Vietnam ili m'kati, kampani ya Coca-Cola idasonkhanitsa achinyamata a mitundu yambiri pa kaphiri kena pafupi ndi Rome, mabotolo ali m'manja, kuti aimbe za mgwirizano wa anthu onse. Anthu adaikonda nyimboyo kotero kuti idajambulidwanso dzina la chakumwa litachotsedwa, nifika pamwamba pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Za mtengo wa chakumwacho kapena za shuga amene alimo, nyimboyo idangoti chete. Idatenga ludzu la mtendere, limene nloona ndi loyera, nkulimangirira ku botolo. Akulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pamene pagona mlandu

Sitikunena kuti kuitanira malonda ndi tchimo. Mai wa tomato pa msika amaitanira, ndipo chida chomwechi chaphunzitsa makolo ambiri za katemera ndi za madzi a mchere ndi shuga opulumutsa mwana wotsegula m'mimba. Chikalata cha Mpingo cha 1971 chonena za njira zofalitsira nkhani, Communio et Progressio, chidavomereza kuti kutsatsa malonda kumathandiza anthu kudziŵa zimene zilipo. Koma chidachenjezanso kuti m'maiko osauka kungathe kuchititsa anthu kumwaza chuma chao chochepacho pa zosoŵa zochita kupangiridwa, zosoŵa zenizeni zili pomwepo. Chikalata china cha pa 22 Febuluwale 1997, Ethics in Advertising, chidatchula mauthenga obisika monga mapeto oipitsitsa a vuto lalikulupo, ndilo kukopa munthu mozembera nzeru zake ndi ufulu wake wosankha. Vuto la kanyimbo lagona pomwepo. Bodza lingathe kutsutsidwa, ndipo wonama angathe kuimbidwa mlandu; koma chuni sichinena zoona kapena zonama, choncho palibe pochigwira. Augustine Woyera, m'buku la 10 la Confessiones, adafanizira mphamvu yokumbukira ndi mimba, kumene zimene tameza zimakhala ngakhale kukoma kwake kudatha. Ndipo m'buku lomwelo adadandaula kuti nthaŵi zina kukoma kwa maimbidwe a m'tchalitchi kunkamgwira mtima kuposa mau oimbidwawo. Ngati munthu wotere ankadziyang'anira pa masalmo, nkovuta kunena kuti ife tilibe chifukwa chodziyang'anira pa nyimbo zolipiridwa.

Kuti nkhaniyi si yamaseŵera zidaoneka pa mkaka wa m'chitini. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 makampani opanga mkaka waufa wa makanda adautsatsa mwamphamvu mu Africa, Asia ndi Latin America, pa wailesi, pa zikwangwani, ndiponso kudzera mwa akazi ogulitsa ovala ngati anamwino. Amai ambiri adakhulupirira kuti mwana wa botolo ndiye wamakono ndi wonenepa. Koma kumene madzi sali aukhondo botolo limabweretsa matenda otsegula m'mimba. Kumene ndalama nzochepa mkaka umasungunulidwa mopitirira kuti chitini chikhalitse. Ndipo mai akaleka kuyamwitsa maŵere amauma, kubwerera nkukhala kovuta. Mu 1974 bungwe la War on Want la ku London lidatulutsa kabuku kotchedwa The Baby Killer, mu 1977 anthu adayamba kunyanyala katundu wa Nestlé kuyambira mu mzinda womwe uja wa Minneapolis, ndipo mu Meyi 1981 msonkhano waukulu wa World Health Organization udavomereza malamulo oletsa kutsatsa mkaka wotere kwa anthu wamba, maiko 118 atavomera ndipo limodzi lokha, America, litakana. Pa nkhani yonseyi panalibe liu ndi limodzi lomwe long'anima mobisika. Zonse zidanenedwa poyera, mokoma, mobwerezabwereza.

Maboma ena adazindikira kuti choyenera kuchepetsedwa ndi kubwerezako, makamaka pa amene sangathe kudziteteza. Ku America kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa wailesi yakanema kudaletsedwa kuyambira pa 2 Januwale 1971, ngakhale tinyimbo take tidatsalabe m'mitu ya amene adali ana pa nthaŵiyo. Chigawo cha Quebec ku Canada chidaletsa mu 1980 kutsatsa malonda kolunjika pa ana osafika zaka 13, ndipo Sweden idachita chimodzimodzi mu 1991 pa wailesi yakanema kwa ana osafika zaka 12. Chifukwa chake nchakuti mwana wamng'ono sasiyanitsa pakati pa nyimbo yomsangalatsa ndi nyimbo yomfuna ndalama za makolo ake.

Malamulo ameneŵa adalembedwa poganizira wailesi imene banja lonse limamvera pamodzi, kumene kholo limamva chimene mwana akumva. Kuyambira nthaŵi imeneyo kanyimbo kafupika ndipo kasamuka. Pakati pa zaka za m'ma 1990 kampani ya Intel idaonetsa kuti timaliu 5 tolira masekondi 3, topanda mau alionse, tikwanira kuti anthu a maiko ambiri azindikire dzina la kampani. Lero kanyimbo kamafika pa foni ya m'manja, kataphatikizidwa m'timakanema tifupitifupi ta pa intaneti, mwina koimbidwa ndi wachinyamata wooneka ngati mnzathu wamba amene walipidwa mwakachetechete. Foniyo mwana amaigwira yekha, zomvera zili m'makutu, ndipo makina a kampani amaŵerenga masekondi amene waima pa kanema aliyense kuti adziŵe kanyimbo koyenera kumbwerezera.